Lamba Wokhota wa a Nyirenda

Mkazi wanga Agnesi anamuika m'manda ine ndili chogwada pambali pa galimoto ya munthu wina ku Joni, ndikumata lamba wa labala pachitseko. Sindinkadziwa kanthu. Ena onse ankadziwa, kuyambira alamu anga ku Manje mpaka munthu amene ndinkagona naye chipinda chimodzi, koma palibe amene anatsegula pakamwa, chifukwa kwathu kuno munthu akakhala kutali samuuza maliro. Amati angadzipweteke panjira. Mwambo umenewu ndinaupeza, ndipo ine ndemwe ndinanamizapo anthu ena m'njira yomweyo, koma unandilanda mwana. Tiyamike, mwana wanga mmodzi yekhayo, ali moyo ndithu, amakhala ku Chilomoni kwa mayi ake aang'ono. Chimene ndakhala ndikufuna chibwerereni n'chakuti adziwe kuti sindinakane kudzaika mayi ake.

Ndinachoka kuno chifukwa cha nyumba. Tinali ndi kanyumba ka zipinda ziwiri m'munsi mwa phiri la Soche, ka njerwa zosawotcha, ndipo mvula ikabwera Agnesi ankandandalika mabeseni pansi ngati akugulitsa. Ntchito yanga inali yotsuka magalimoto ku Limbe, ntchito yoti umadya lero, mawa n'kumayang'ana kumwamba. Tsiku lonyamuka Tiyamike anali kamwana kongoyamba sukulu. Anakakamira kundinyamulira chikwama mpaka pokwerera minibasi, chikwamacho chikukwekwereka pansi. Agnesi sanalire. Anangondiuza kuti ndisakatengeko mkazi wa ku Joni chifukwa amamva kuti saphika.

Za njira sindinena zambiri. Kutentha kwa ku Tete, apolisi otambasula dzanja pa chipata chilichonse, kugona chokhala mutu uli pa phewa la munthu wosamudziwa, zonsezo aliyense wopita ku Joni amazidziwa. Masiku a mu pasipoti atatha ndinakhala ngati anzanga onse, woyenda m'mphepete mwa makoma, woona galimoto ya apolisi n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato.

Amene ananditola ndi a Nyirenda. Anali munthu wamkulu kwa ine, wamtali, wa imvi za m'mbali, mwana wa kalaliki wa boma wochokera ku Rumphi, ngakhale iwo anakulira ku Chinyonga. Chinyanja chawo chinali cha mu Blantyre momwemu, koma akapsa mtima Chitumbuka chinkatuluka chokha. Anandipeza pa tchalitchi china chimene Amalawi tinkasonkhana, anayang'ana manja anga n'kunena kuti, "Iwe mwana wa kalongonda, manja amenewa amadziwa chitseko cha galimoto. Mawa ubwere." Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linali kalongonda, nyemba zimene timadya kwathu, nanenso ndinkawabwezera kuti a kondowole, nsima ya chinangwa ya kwawo kumpoto.

Pa shopu ya magalimoto imene a Nyirenda ankagwirako ntchito tinkamata malamba a m'mbali mwa zitseko. Ndi timizere ta labala kapena pulasitiki timene timayenda pakati pa chitseko kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, kuti wina akatsegula chitseko chake mosasamala pamalo oimika magalimoto, chigunde labala osati penti. Anthu a kumeneko kachipsera pachitseko amakalira ngati kali pankhope pawo. Ena a ife ankamata magalasi akuda, ena ankaika zitsulo za kutsogolo, koma malamba anali a ine ndi a Nyirenda. Bwana anatipatsa kachipinda ka malata kuseri kwa shopu, kuti tizilondera komweko. Ntchito ndi pogona zinali chinthu chimodzi, ukaluza china waluza zonse.

Woona patali amayesa ndi ntchito ya ana. Umayamba kutsuka chitseko, kenako n'kupukuta ndi sipiriti mpaka polishi yense atachoka, chifukwa guluu ndi polishi sagwirizana. Ukatero wina amayeza kuchokera m'munsi mwa chitseko, n'kumata tepi ya pepala kuti ikhale mzere, woti lamba wa chitseko cha kutsogolo akakumane bwino ndi wa kumbuyo. Ameneyo anali a Nyirenda, ndipo diso lawo silinkanama. Ine ndinali wokanikiza. Ndinkafunditsa guluu ndi kamakina kouzira mpweya wotentha, n'kusenda kachikopa kofiira ka kuseri kwa lamba pang'onopang'ono, iwo atagwira nsonga ina m'mwamba kuti isakhudze penti nthawi isanakwane. Ndinkatsatira tepi yawo ndi chikhatho, nkhope ili pafupi ndi chitseko moti ndinkadziona ndekha mu penti. Wokanikiza sabwerera m'mbuyo kukaona ngati zawongoka. Ukachotsa dzanja mpweya umalowa, ndipo lamba akagwira wagwira, sumusunthanso. Choncho maso anga anali a Nyirenda.

Sipiriti ameneyo anandidya zala. Nthawi yozizira zinkang'ambika m'nsonga, ukakhudza mchere n'kudumpha. Mawondo anachita zikang'a ngati a ngamira, chifukwa tsiku lonse ndi chogwada pa simenti. A Nyirenda ankandipaka girisi wa galimoto m'zala, akuti ndi mankhwala a kwawo, ine n'kumawafunsa kuti ku Rumphi galimoto anaiona liti. Tinkaseka choncho, tinkaphika mphika umodzi, ndipo mmodzi akadwala wina ankanamiza bwana kuti wamutuma kukagula tepi.

Zimene ndinkapeza zinkapita ku Manje. Agnesi sanali mkazi wodya za nyumba. Pa foni ankanditumizira zithunzi: njerwa zowotcha, malata atsopano, khonde la simenti yofiira, ndi Tiyamike ataima pakhondepo, chithunzi chilichonse atatalikirako. Ndinamusiya akukwekwereza chikwama, koma pa zithunzi zomaliza anali atafika pa phewa la mayi ake. Chaka chilichonse ndinkati Khirisimasi ino ndibwera, chaka chilichonse kunkatsala kanthu kamodzi, mwina mawindo, mwina chimbudzi. Wopanda mapepala akatuluka sadziwa ngati adzalowenso, ndiye umangoti ndimalize kaye.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mvula ya namondwe wa Freddy tinaionera pa foni ya a Nyirenda nthawi ya nkhomaliro, titakhala pa matayala. Madzi akuda, miyala yaikulu ngati minibasi ikutsika m'phiri, anthu akukuwa. Ndinazindikira mtengo wa mango wa pafupi ndi chigayo cha kwathu. Ndinaimba foni ya Agnesi, osalowa. Ndinaimba ya aneba, osalowa. Kwa masiku angapo ndinkagwira ntchito foni ili m'thumba la pamtima.

Kenako anaimba a Likaka, achimwene ake a Agnesi, mwini mbumba wa banja lawo.

"Alamu, kuno zinthu sizili bwino," anatero. "Nyumba yapita. Tiyamike ali bwino, anali kwa mayi ake aang'ono. Koma achemwali avulala kwambiri. Nyamukani mubwere."

Ndine Mmalawi, mawu amenewo ndimawadziwa. Munthu akakuuza kuti akudwala kwambiri, bwerani, umayamba kufunafuna jekete yakuda. Ndinakhala pansi pa simenti.

"Alamu, musandibise. Ali moyo?"

"Ali m'chipatala."

"Mpatseni foni ndimve mawu ake."

"Madokotala akukaniza. Komanso netiweki kumeneko ndi yovuta."

"Nanga akudya?"

Iwo anati, "Akumwako phala."

Phala limenelo ndi limene linandipha. A Likaka anachita mantha kuti ndingadziponye pa msewu, ndiye anawonjezera bodza kuti ndilimbe mtima. Koma anawonjezera mopitirira. Wakufa samwa phala. Mtima wanga unagwira mawu amenewo ndi manja awiri, ndipo mutu unayamba kuwerengera za amoyo: munthu akatuluka m'chipatala akagona kuti, adzadya chiyani, nyumba ina amange ndani.

"Ngati akumwa phala ndiye kuti Mulungu watichitira chifundo," ndinatero. "Alamu, ine ndikabwera pano ndibwera ndi manja awiri okha. Kuno ntchito yachuluka, bwana walandira magalimoto ambiri a kampani. Ndisiyeni ndigwire kaye, ndizitumiza. Sindingabwere panopa."

"Alamu, bwerani."

"Sindingabwere panopa, mundimvetse."

Sindinadziwe kuti foni anaiika pokweza mawu, kuti akuluakulu a banja amve yankho langa. Sindinadziwenso kuti anali atakhala panja pa nyumba ya maliro, bokosi lili m'kati, ndipo Tiyamike anali chapafupi, akumva bambo ake akunena za magalimoto a kampani.

Tsiku lomwelo a Likaka anaimbira a Nyirenda paokha n'kuwauza zoona. Anawasenzetsa katundu: mubwere naye munthuyu, koma musamuuze, tidzamuuza tokha akafika. Zimenezi ndinazimva pambuyo pake. Chimene ndinaona ine n'chakuti a kondowole anasintha. Nthabwala zinatha. Dzina la kalongonda linatha, anayamba kunditchula kuti bambo a Tiyamike. Pogawa ndiwo, nthuli yaikulu inkabwera kwa ine. Ndikayatsa wailesi ankaizimitsa, akuti mutu ukuwawawa.

"Pita kumudzi," ankatero tili pakati pa ntchito, atagwira nsonga ya lamba. "Ukamuone mkazi wako."

"Akuchira, madala. Alamu akuti dzulo anakhala tsonga."

"Ukamuone ndi maso ako."

"Bwanji, mwapeza mphwanu wa ku Rumphi woti alowe pamalo panga?"

Anangotembenuza nkhope n'kumayang'ana tayala. A Likaka nawo, poti bodza ukaliyamba limafuna kudyetsedwa, ndikaimba ankandipatsa kanthu: lero wakhala tsonga, lero wafunsa za inu. Ndikafunsa Tiyamike ankati ali kusukulu, kapena wapita kukatunga madzi. Ine ndinkagwira ntchito ngati wamisala, mpaka Lamulungu lomwe, ndikuona m'maso mwanga nyumba ina pamalo a chidikha, kutali ndi phiri.

Vuto loyamba pantchito linali galimoto ya mayi wina. Inabwerera patangopita masiku ochepa, lamba wa chitseko cha kumbuyo akulendewera ngati lilime la galu. Bwana anatitukwana. Ine ndinadabwa, chifukwa a Nyirenda ndi amene anapukuta chitseko chimenecho, ndipo chiyambireni lamba wathu anali asanagwepo. Ndinanunkhiza pachitseko, ndinamva polishi. Ndinangoti munthu wakula, wayamba kuiwala, ndipo ndinawaikira kumbuyo kwa bwana.

Chachiwiri sichinali choikira kumbuyo. Inali galimoto yoyera yatsopano, ya zitseko zinayi, mipando isanachotsedwe mapulasitiki, mwini wake ataima pakhomo ndi makiyi m'manja. A Nyirenda anayeza, anamata tepi, anagwira nsonga. Ine ndinagwada n'kutsatira mzere wawo monga mwa masiku onse, chitseko cha kutsogolo, kenako cha kumbuyo, ndikukanikiza ndi mphamvu zanga zonse. Nditamaliza ndinamva kuti shopu yonse yakhala chete. Ndinaimirira n'kubwerera m'mbuyo. Lamba anayambira pakati pa chitseko n'kumatsetsereka mpaka kukathera pafupi ndi tayala la kumbuyo. Ngakhale mwana akanaona.

Mwini galimoto anakuwa. Bwana anabwera akuthamanga, anatilamula kuti timuchotse pomwepo. Tinalowetsa ulusi wa mbedza kuseri kwa lamba n'kumacheka, koma ndinali nditakanikiza bwino kwambiri, ndipo pamalo pena guluu ananyamuka ndi penti yomwe. Bwana sanafunse kuti walakwa ndani. Anatiuza kuti dzuwa lisanalowe kachipinda kake kakhale kopanda munthu, tikachedwa aitana apolisi.

Kuseri kwa shopu ndinawagwira a Nyirenda pakhosi pa malaya. Munthu wamkulu, amene ananditola pa msewu, ndinamukankhira pa malata.

"Mwandipha, madala! Mkazi wanga ali m'chipatala, nyumba ndilibe, inu n'kundichotsetsa ntchito? Maso anu anali kuti?"

Sanadziteteze. Anangoti, "Longedza. Mawa kuli basi ya ku Blantyre. Ndikuperekeza."

"Ine sindikupita. Ndikafuna ntchito kwina."

"Ukagona kuti? Mapepala uli nawo? Longedza, bambo a Tiyamike."

Ndinalongedza, chifukwa panalibe pena popita. Njira yonse sindinawayankhule. Anandigulira chakudya ku Tete, ndinachikana. Ndinkangoganiza za mmene ndikalowere m'chipatala chimanjamanja, ndi mmene Agnesi akandisekere kuti zaka zonsezi wabwera ndi zala zong'ambika basi.

Potsikira basi pa Wenela panali a Likaka ndi azibambo ena a kutchalitchi kwathu, onse atavala majekete. Wina ananditengera chikwama. Palibe amene anandifunsa za ulendo. Anandikhazika pakati m'galimoto yahayala, wina uku wina uku, ndipo galimoto itakhotera njira ya ku Zingwangwa m'malo mwa ya kuchipatala, ndinasiya kufunsa. Za imfa ya Agnesi anandiuza titafika kwa a Likaka, titakhala pa mphasa, ndi mawu onse oyenera. Kumanda ndinapeza dothi litakhazikika kale, nkhata za maluwa zitauma, udzu utayamba kumera m'mbali. Pamene panali nyumba yathu panali miyala ndi mchenga, ndipo sindinathe kuloza pamene panali khonde.

A Nyirenda anayenda nane monsemo. Pobwerera kumanda ndinawafunsa.

"Munakhotetsa dala?"

"Ee."

"Ndi polishi uja?"

"Ndi polishi yemwe. Ndinkayesa bwana atithamangitsa pomwepo."

"Madala, mwataya ntchito ya zaka zonse zija. Bwanji osangondiuza? Mawu awiri okha."

"Si ine mwini maliro," anatero. "Mawu amenewo anali a alamu ako. Ine ndikanawanena, ukanadziponya pa msewu, ndikanawayankha chiyani abale ako?"

Ndinafuna kuwatukwana, ndinafunanso kuwagwadira, ndipo sindinachite chilichonse mwa ziwirizo. Ku Joni sanabwerereko. Ali ku Machinjiri kwa mwana wawo, maso ayamba kuchita nkhungu. Ine ndimamata malamba ku Limbe pa magalimoto obwera kuchokera ku Japan, ndekha, ndikuyeza n'kubwerera m'mbuyo kangapo ndisanasende guluu. Ndimachita lendi ku Bangwe, chipinda ndi pabalaza, ndipo chipindacho ndinasiyira Tiyamike. Sanagonemo.

Tsiku loyamba kumuona ku Chilomoni anagwada patali, pafupi ndi chitseko, n'kundipatsa moni wa alendo. Anali mtsikana wamkulu, nkhope ya Agnesi yeniyeni. Ndinatambasula manja, iye anadzuka n'kupita kukatsuka mbale. Mayi ake aang'ono, a Felesiya, ndi amene anandiuza za foni ija, kuti mwanayo anamva zonse, ndipo tsiku loika maliro ankangoyang'ana kumsewu mpaka manda atakwiriridwa.

Ndinati zimenezi n'zosavuta kukonza. Mwanayu akuganiza kuti ndinkadziwa, ndiye amve kwa mwini wake amene anandinamiza. Ndinapita kwa a Likaka, ndinawachonderera, ndipo Loweruka lina masana tinakwera limodzi mtunda wa ku Chilomoni. A Felesiya anatulutsa mipando pakhonde. Tiyamike anali akuchapa yunifolomu kuseri, anamuitana, anabwera akupukuta manja pa chitenje n'kukhala pansi.

A Likaka anayankhula ngati munthu wamkulu, sanadzibise. Anati, "Mwanawe, bambo akowa alibe mlandu. Amene ndinalakwa ndine. Sindinawauze kuti mayi ako atisiya, ndinawauza kuti ali m'chipatala. Ndinafika powauza kuti akumwa phala. Ndi mwambo wathu, koma ine ndinapitiriza muyezo. Akanadziwa, akanabwera tsiku lomwelo."

"Shuwa, Tiya," ndinatero ine. "Ndikanabwera ngakhale wapansi."

Ndinamva mtima ukutsika, koyamba chifikireni. Mwanayo anali atawerama, akukanda simenti ndi chala. A Felesiya anati, "Iwe, akulu ayankhula, suyankha?"

Anadzutsa mutu. Sanayang'ane amalume ake, anayang'ana ine, ndipo sanakweze mawu.

"Ndamva, amalume. Zoti sanawauze ndinkadziwa, ndinali pompo." Kenako analunjika kwa ine. "Koma adadi, anakuuzani kuti nyumba yagwa, amayi avulala kwambiri, ali m'chipatala. Anakuuzani kawiri kuti bwerani. Zimenezo sizinakwane?"

A Likaka anayang'ana pansi. A Felesiya anayamba kukonza mpango umene unali bwinobwino. Ine ndinatsegula pakamwa, ndinali ndi mayankho ambiri, a nyumba, a mapepala, a mankhwala a m'chipatala, ndipo onse anali oona. Koma palibe limene ndikanatha kulinena pamaso pa mwana ameneyo. Anadikira ndithu, anandipatsa nthawi yokwanira. Kenako anapempha kuti akamalize kuchapa dzuwa lisanapite, ndipo a Felesiya anamulola.

Ndimapitabe ku Chilomoni Lamulungu lililonse. Amandilandira, amandipatsa madzi osamba m'manja, amandiuza za kusukulu ndikamufunsa. Funso lake sindinaliyankhe mpaka lero, ndipo iye sanalifunsenso.